Kaseti ya Achimwene ndi Kabokosi ka Akamwini

Akamwini anga amagwira ntchito ya makompyuta ku Lusaka. Chaka chatha pa Pasaka, iwo ndi mwana wanga atabwera kudzandiona kuno ku Nakoli, anatulutsa m'chikwama kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira, n'kukaika patebulo.

"Ba mami, ija kompyuta munaniuza, naipeza," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni.

Ndinaseka poyesa kuti akungondiseleula. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditawauza kuti kwathu ku Kasanda tinali ndi kompyuta kalekale, iwo asanabadwe. Tsiku limenelo anandifunsa mafunso ambirimbiri: mabatani ake anali otani, inkalira bwanji, masewera tinkawasunga pati. Sindinadziwe kuti azisunga mumtima.

Anandifotokozera kuti kabokosiko si kompyuta yakaleyo, koma m'kati mwake muli kachipangizo kamene anthu anakaphunzitsa kuchita zonse monga inkachitira ija, ndi kuchedwa kwake komwe. Analumikiza chingwe chimodzi ku tivi, china ku kiyibodi, n'kuyatsa. Galasi la tivi linayera mbuu, pansi pake n'kutuluka mzere umodzi wa timalemba takuda. Ndinali nditaimirira ndi mbale m'manja. Ndinaiika pansi n'kukhala pampando. Timalemba timeneto ndinali ndisanatione kwa zaka zoposa makumi atatu, koma ndinatidziwa ngati nkhope ya m'bale.

Bambo athu anali kalaliki wa kumalo osungira katundu pamgodi. Agogo ndi amene anachokera ku Ntcheu kudzakumba mtovu, bambo anabadwira konkuno, koma amayi anachita kukawatenga kumudzi. N'chifukwa chake m'nyumba tinkalankhula Chichewa cha kwathu, tikatuluka pageti n'kuyamba Chibemba. M'zaka za m'ma 1980, injiniya wina wachizungu amene ankabwerera kwawo anapatsa bambo katoni yomanga ndi chingwe. Bambo anainyamula panjinga akuganiza kuti muli masuti. Atatsegula anapezamo chinthu chophwatalala chokhala ndi mabatani a labala, makaseti angapo, ndi mulu wa magazini. Anakhumudwa, n'kukankhira katoniyo kunsi kwa bedi.

Amene anaitulutsa ndi achimwene anga. Iwo anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ine khumi ndi chimodzi, ndipo ana tinalipo awiri basi. Anawerenga kabuku kake masiku atatu, lachinayi n'kuilumikiza ku tivi yathu ndi ku wailesi ya kaseti ya amayi. Masewera onse anali pa makaseti. Ukayatsa kaseti, munkatuluka phokoso ngati la nyenje zambiri zikulira pamodzi, m'mbali mwa galasi mukuthamanga mizeremizere, ndipo unkadikira mpaka kutopa. Kaseti ikangotsokomola pang'ono, zonse zinkafa, n'kuyambanso poyamba.

M'magazini aja munali mapulogalamu osindikizidwa, mizere yoyamba ndi manambala: 10, 20, 30, mpaka masamba atatu. Ntchito yanga inali yowerenga mokweza, achimwene akulemba. Mawu ake anali a Chingerezi koma osamveka ngati Chingerezi cha kusukulu, ndipo ndikadumpha kadontho kamodzi ankandigogoda pamutu ndi pensulo. Patapita chaka anasiya kukopera za anthu ena, anayamba kulemba zawo. Tchuthi china chonse anachithera pa masewera amodzi. Munali kamunthu kovala chisoti, kotsika m'migodi kukatola miyala, madzi akukwera kuchokera pansi. Kakachedwa kankamira. Kamunthuko ndinakajambula ndine. Achimwene anandidulira m'kope la masamu timabokosi tisanu ndi titatu m'litali ndi m'lifupi, ine n'kumadetsa ndi pensulo pamene pakhale chisoti, pamene pakhale mwendo, iwo n'kusandutsa mzere uliwonse kukhala nambala. Atamaliza anasunga masewerawo pa kaseti, n'kulembapo ndi bolopeni kuti MGODI.

Bambo, amene poyamba sankafuna n'kuiona komwe kompyutayo, anayamba kuitana anzawo akuntchito Loweruka masana. Amuna akuluakulu, ogwira ntchito pansi penipeni, ankakanganirana mabatani, kamunthu kakamira n'kumaseka mpaka kugwira m'mimba. Mmodzi anauza bambo kuti, "Uyu mwana sazakangena pansi monga ise. Uyu ni wa mu ofesi."

Zinaoneka ngati zitero. Atamaliza sekondale anawatenga kuofesi ya mgodi kuti aziphunzira ntchito m'chipinda cha makompyuta aakulu, chimene ankati mumazizira ngakhale mu Okutobala. Anagwirako osakwana chaka, mgodi n'kutsekedwa. Bambo ntchito inathanso. Achimwene analemba makalata ofunsira ntchito ku Kitwe, ku Ndola, ku Lusaka, ndipo ambiri sanayankhidwe. Kompyuta ija inali itafa kale, mabatani atasiya kumva. Bambo atamwalira, achimwene anayamba kupita kuphiri lakuda, mulu waukulu wa zotsalira za mgodi, kukakumba miyala yogulitsa. Ankati n'zongoyembekezera. Akupitabe mpaka lero.

Ine ndinapita kukoleji ya zauphunzitsi, ndinakwatiwa, ndinasamukira ku Nakoli. Iwo anatsala m'nyumba ya makolo ku Kasanda. Mkazi wawo anapita kwa abale ake ku Kopabeti ndi ana, osabwereranso. M'zaka zapitazi dzanja lawo lamanja linayamba kugwa pamfundo ngati tsamba lofota, mutu kuwapweteka kawirikawiri, kuiwalaiwala, ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Kuchipatala anati ndi mtovu wa m'fumbi umene walowa m'thupi, asiye kupita kuphiriko. Iwo anafunsa kuti akasiya azidya chiyani.

Choncho nditaona timalemba tija pa tivi yanga, maganizo anga onse anathamangira kwa iwo. Akamwini anandionetsa masewera mazanamazana amene anali m'kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, koma ine ndinalibe nawo chidwi. Ndinawafunsa ngati kabokosiko kangamve kaseti yeniyeni.

"Kangamvele," anatero, n'kundionetsa kabowo kumbuyo. "Mufunika cabe wailesi ya kaseti na aka kantambo. Koma ba mami, kaseti yakudala siidalilika. Musaikepo mtima maningi."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima ndinali nditauika kale.

Kaseti ya MGODI ija ndinkadziwa pamene inali. Amayi atamwalira ndinatenga sutikesi yawo yachitsulo, ndipo ndinaiona m'menemo, pansi pa yunifolomu yawo ya chigwirizano. Wailesi ndiyo inavuta. Ndinafunsa kumsika, okonza mafoni n'kumandiseka. Pomaliza ndinaipeza kwa mkulu wina wa mpingo wathu wa ku Railways, bambo wopuma ntchito ya njanji amene amamverabe nyimbo za kwaya pa makaseti. Anaipukuta ndi nsalu asanandipatse, n'kundichenjeza kuti batani lobwezera m'mbuyo limafuna kuligwirira.

Achimwene tivi anagulitsa kalekale, ndiye panafunika kuti abwere kwanga. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kwinako n'kuyenda pansi. Ndinawapeza atakhala pakhonde, akusoka thumba la miyala ndi dzanja lamanzere, lamanja litangotsamira pabondo.

"Achimwene, mukuikumbukira kompyuta ija ya mzungu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inafa ija."

"Inafadi. Koma akamwini abweretsa ina yofanana nayo. Ndipo kaseti yanu ndaipeza. Mubwere Loweruka."

"Kaseti iti?"

"Ya Mgodi."

Anapitiriza kusoka, ndipo ndinaganiza kuti aiwala. Ndikutsanzika ndi pamene anafunsa kuti, "Magetsi amabwera nthawi yanji kwanuko?"

Masiku amenewo magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, kwathu kawirikawiri cha m'ma 3 koloko masana. Loweruka achimwene anafika nthawi ya nkhomaliro, atasamba, atavala shati yoyera imene ndinali ndisanaione. Tinadya, n'kukhala pabalaza kudikira. Tinakamba za mvula, za denga lawo lodontha, kenako nkhani zinatha. Firiji itayamba kulira ndinadzuka msanga n'kuyatsa zonse monga anandiphunzitsira akamwini.

Galasi litayera, achimwene anasendera kutsogolo kwa mpando. Anayang'ana kiyibodi n'kupukusa mutu.

"Si imeneyi. Ija batani lililonse linali ndi mawu ake olembedwa pamwamba. Apa palibe."

"Yesani basi."

Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kulikweza ngati akunyamula la munthu wina. Chala chinatsikira pa mabatani. Analemba 10. Anadina batani limodzi, ndipo pagalasi panatuluka liwu lathunthu, monga zinkachitikira kale. Anadina lina, panatulukanso lina. Palibe chimene chinalembedwa pa mabataniwo chowatsogolera. Chala chinkangodziwa kopita.

"Taona mlongo," anatero motsitsa mawu. "Akadali momwemo."

Anaseka. Mano akutsogolo anatha, koma kuseka kwake kunali komwe kuja. Analemba mizere iwiri yochititsa kuti liwu limodzi lidzaze galasi lonse, monga ankachitira pofuna kudabwitsa alendo. Ine ndinaombera m'manja ngati mwana.

Kenako ndinatulutsa kaseti. Anaitenga, anaitembenuza, anayang'ana zimene analemba okha ndi bolopeni, n'kundibwezera. Ndinaiika mu wailesi, ndinagwirira batani mpaka inabwerera poyambira. Iwo analemba mawu ouza kompyuta kuti imvetsere. Ndinadina.

Phokoso lija linayamba. Mizere inathamanga m'mbali mwa galasi, ndipo patapita kanthawi pamwamba panatuluka dzina: MGODI. Ndinagwira mkono wa achimwene. Phokoso linapitirira, lakuthwa, losasangalatsa, koma ine ndikanatha kulimvera tsiku lonse. Ndinayamba kuwerenga chamumtima. Ndisanafike makumi anayi, linadukiza ndi kaphokoso ka batani, mizere inazima, ndipo mu wailesi munamveka tambala akulira chapatali. Kenako munthu anatsokomola. Chinali chifuwa cha bambo.

"Yayamba?" anafunsa mawu a mkazi. Anali amayi.

"Yayamba, amayi. Senderani pafupi, apo ayi sakakumvani." Awa anali mawu a mnyamata, omveka bwino, achangu. Ndinatembenuka kuyang'ana mwini wake. Anali atazolika.

Amayi anali kulankhula ndi akulu awo a ku Ntcheu. Kale anthu osadziwa kulemba bwino ankatumiza uthenga pa kaseti, wopita kumudzi n'kuinyamula. Anayamba ndi malonje, kutchula mmodzimmodzi a kumudzi, ambiri a iwo anthu amene ine sindinawaonepo. Kenako anati:

"Kuno zinthu sizili bwino, achemwali. Mgodi anatseka. Bambo a ana akungokhala, chifuwa sichikuwapatsa mpata. Msungwanayu ali kusukulu ya zauphunzitsi. Koma wamkuluyu musade naye nkhawa, ameneyu Mulungu anam'patsa mutu. Makalata walemba ambiri, tikungodikira kuti amuitane. Akangoyamba ntchito tibwera tonse, ndidzaoneko manda a amayi. Muwauze amalume asagawe munda uja, tikubwera."

Anapitiriza za matenda, za mitengo ya zinthu, n'kumaliza ndi nyimbo ya kutchalitchi, bambo akuthandizira ndi mawu a pansi mpaka chifuwa chinawadula. Batani linaliranso. Phokoso la kompyuta linabwerera kwa kanthawi kochepa, mchira wa masewera aja, kenako zii.

Ndinazimitsa wailesi. Ndinali ndi mkwiyo umene sindinkadziwa kuti ndiuponyere ndani.

"Amayi anatenga kaseti yolakwika," ndinatero. "Sanadziwe."

"Sanalakwitse," anatero achimwene. "Ndinawapatsa ndine."

"Inu?"

"Anandipempha kaseti. Ena onse otsala anali a nyimbo za bambo. Kompyuta inali itafa. Ndinati iyi ilibenso ntchito, ndikayamba kugwira ndidzalemba zoposa izi." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinajambula ndine. Wamva wekha."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku lija ndinabwera?"

"Ndimayesa mwina ndinajambula mbali inayo. Mutu wangawu sindiukhulupiriranso."

Tinatembenuza kaseti. Mbali inayo munalibe kanthu.

Ndinawafunsa chifukwa chake uthengawo sunapite. Anati amayi ankadikira kuti kalata ya ntchito ibwere kaye, kuti awonjezere nkhani yabwino kumapeto. Kenako bambo anamwalira, ndipo zimene zinali pa kasetiyo zinakhala zakale. Amayi kumudzi sanapitenso. Anaikidwa konkuno.

Sindinafune kuti tsikulo lithere pamenepo. Ndinawauza kuti tilembenso, poti zala zawo zikukumbukira. Kamunthu ndijambulanso ine. Anakana kawiri, kachitatu anati ayesa.

Loweruka lotsatira anabweradi. Ndinali nditagula kope la masamu, ndipo kamunthu kachisoti ndinakadetsa m'timabokosi mosavuta. Ntchito yawo inali kusandutsa mizere isanu ndi itatu ija kukhala manambala. Kale ankachita zimenezi pamtima, akutafuna chimanga chokazinga. Tsiku limenelo mzere woyamba unawatengera nthawi yaitali. Ankawonkhetsa, akafika pakati n'kuiwala pamene ayambira. Ndinati nditenge foni tiwerengere, anandikalipira kuti ndisawayese chitsiru. Pamene magetsi amapita tinali titamaliza mizere isanu.

Loweruka lachitatu kamunthu kanaoneka pagalasi. Chisoti chinali chopendekeka chifukwa nambala imodzi inalakwika, koma kanali komweko. Achimwene analemba mizere ina kuti katsike. Kanatsikadi, koma sikanaime pamene panayenera kukhala pansi pa mgodi. Kanapitirira mpaka kutuluka kunsi kwa galasi, kompyuta n'kulemba uthenga wodandaula. Anakonza, kanagwanso. Anakonzanso, kanagwanso. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo.

"Pali mzere wake," anatero. "Umodzi wokha. Umafunsa kuti kutsogoloku kuli mwala kapena mulibe. Ndikuuona, koma ndikati ndiugwire ukuthawa."

"Pumulani kaye. Ndiwaimbire akamwini, atiuze."

"Ayi! Akakuuza iwowo ndiye kuti alemba ndani?"

Anamenya tebulo ndi dzanja lodwala lija, kiyibodi n'kugwa pansi. Anaiyang'ana, anawerama n'kuitola, anaipukuta ndi shati yawo, n'kuiika bwinobwino. Anapepesa. Anati mutu wayamba, apite kukadali kowala. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi.

Loweruka lachinayi sanabwere. Magetsi anabwera, ndinayatsa, ndinadikira mpaka anapitanso. M'mawa mwake nditaweruka kutchalitchi ndinapita ku Kasanda. Nyumba inali yokhoma. Mayi woyandikana nawo anandiuza m'Chibemba kuti ogula miyala abwera ndi malole, anthu onse ali kuphiri kuyambira Lachisanu.

Ndinali ndisanafikeko kuphiriko chikhalire, ngakhale ndinakulira m'fumbi lake. Ndinayenda ndi zovala zanga za kutchalitchi, nsapato zikuda. Panali anthu ambiri, amayi ena ali ndi ana kumbuyo, aliyense padzenje lake. Achimwene ndinawapeza chakumunsi, atagwada, akusefa dothi lakuda. Fosholo anaimangirira kudzanja lamanja ndi lamba wa labala kuti isapulumuke. Nkhope yonse inali yotuwa, maso okha ndiwo ofiira.

"Wabweranji kuno? Fumbili si labwino."

"Ndinakudikirani dzulo."

Anakhala pansi n'kumasula lamba uja ndi mano. "Mlongo, wachita bwino. Ndaona, ndasangalala. Koma usandiitanenso. Masiku onsewa ndikagwira fosholo ndikungoganiza za mzere uja, osaupeza. Kale ndinkangoti ndinasowa mwayi. Ndinkati atandipatsa makina ngakhale lero ndikhoza kuwaonetsa. Tsopano ndadziwa. Mutu uja unatha."

Ndinawauza kuti si zoona, kuti zala zawo zinakumbukira mabatani popanda wowauza. Anati nayonso nkhuku ukaidula mutu imathamanga. Wina anawaitana kuti lole yatsala pang'ono kudzaza. Anadzuka, anamanganso lamba, n'kundiuza kuti ndidzere njira ya kumanzere chifukwa ya kumanja dothi limagumuka.

Wailesi ndinabweza kwa mkulu wa mpingo uja sabata yomweyo. Anandifunsa ngati yagwira ntchito, ndinati yagwira. Akamwini ataimba foni ndinawauza kuti masewerawo anafufutika. Anati iwo akhoza kuwalemba onse madzulo amodzi nditangowafotokozera mmene ankayendera, ndipo ndikudziwa kuti ananena ndi mtima wabwino. Ndinawathokoza n'kukana. Mwana wanga atabwera pa Khirisimasi ndinam'patsa kabokosiko kuti abwerere nako ku Lusaka.

Ku Kasanda ndimapitabe Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi. Ndimatenga mkaka, sopo ndi mankhwala a mutu. Chaka chino dzanja lamanzere la achimwene layambanso kugwa, ndipo mabatani a shati amachita kuwamangira mayi woyandikana nawo uja. Mwezi watha ndinawapempha kuti asamukire kwanga, chipinda chilipo. Anati aganiza kaye mvula ikatha.